Galaja Yanga ndi Msewu wa Papepala

Lundazi Boma
Novembala

Okondedwa alongo anga a Faides,

Landirani moni wochokera kuno ku Lundazi. Ndikufunsa moyo wanu, wa alamu anga a Kenan ndi wa ana onse. Nanga Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Kuno tili bwino, kungoti dzuwa likuwamba koopsa, moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Alamu anu a Irene ndi ana, Claire ndi Pachalo, onse ndi amphamvu.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, komanso ndikukudziwani, mukadandidula pakati ndi phwete. Apa muwerenge kaye mpaka kumapeto, museke pambuyo.

Kusukulu ntchito ikuyenda bwino. Claire tsopano akulankhula Chitumbuka ngati wobadwira ku Magodi, ndipo ine ndikayesa kupereka moni kumsika amabisa nkhope kuti anthu asadziwe kuti ndine bambo wake.

Mukukumbukira kuti chaka chatha ndinapeza poloti kuseri kwa boma, kumene kukumera nyumba zatsopano. Mvula itatha tinaumba njerwa n'kuziwotcha. Ndinapezanso mmisiri, a Mapopa, bambo wa ku Magodi, wamanja abwino koma wosakonda kufunsa. Ineyo ndinkaganiza kuti kumanga kuno n'chimodzimodzi kwathu ku Chadiza, kumene munthu amakhoma zikhomo, kukoka chingwe, mawa lake khoma lafika m'chiuno. Tinayamba kukumba maziko.

Tili mkati mokumba kunafika bambo wina wa ku ofesi yoona za mapulani, pa njinga yamoto. Anatipatsa monile mwaulemu, anayamikira kuti njerwa zapsa bwino, kenaka anapempha kuona chilolezo chomangira. Ine ndinatulutsa mapepala a poloti monyadira. Iye anati mapepalawo akunena kuti dothi ndi langa, koma sakunena kuti ndingaikepo nyumba. Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti dothilo ndinalitenga kuti ndizidya. Sanaseke. Anatulutsa chitini cha penti wofiira n'kuyamba kufunafuna khoma loti alembepo kuti ntchito iime. Khoma panalibe. Anazungulira poloti yonse, burashi ili m'manja, mpaka anakalemba pa uvuni wa njerwa, zilembo zazikulu ngati mwana wa chaka chimodzi.

Mawu amene analembawo ndi a Chingerezi aja amaikidwa pamphambano za misewu. Ndiye anthu a njinga za hayala malowo ayamba kuwatcha pa Sitopu. Ngakhale abusa polengeza za mapemphero a m'dera anati akhristu akakumane kwa aphunzitsi a pa Sitopu. Ine pabenchi ndinangokumbukira kuti safunsa anadya phula.

Nditapita kuofesi anandiuza kuti choyamba ndi pulani yojambulidwa ndi munthu wodziwa. Tinapita ndi Irene kwa a Luke, amene amajambula mapulani pakompyuta pafupi ndi msika. Atatifunsa zipinda zimene tikufuna, Irene anati khitchini ikhale m'nyumba momwemo, watopa kuphika akuthamangitsana ndi mvula. Ine ndinati pambali pa nyumba, cha kutsogolo, pakhale galaja. Irene anandiyang'ana, anayang'ana njinga yanga imene ndinaitsamiritsa pakhomo, n'kufunsa a Luke ngati masiku ano njinga zimagona m'chipinda chawochawo. Ndinamuyankha kuti munthu wanzeru amamanga khola asanagule ng'ombe. Iye anati n'zoona, koma womanga khola amakhala ataonako ngakhale kathole. A Luke anati iwo amangojambula zimene mwininyumba wanena, ndipo galaja inalowa.

Alongo, pepalalo litatuluka mukadaliona! M'galajamo a Luke anajambulamo kagalimoto, magudumu ndi zitseko zomwe. Ndinapita nalo kusukulu n'kuliyala patebulo la aphunzitsi. Anzanga anandigwira chanza, ena n'kuyamba kupempheratu kuti ndidzawatengeko popita ku Chipata. Chimwemwe chinandizunguza mutu, moti sabata yomweyo ndinakauza owotcherera zitsulo kuti andipangire chitseko cha galaja, chachikulu, chotseguka mbali ziwiri. Irene ndinamuuza chitseko chitafika kale pangolo.

Kenaka unayamba ulendo wa zidindo. Pulani iyenera kuonedwa ndi a zaumoyo, a zozimitsa moto, ndi ainjiniya. A zaumoyo anafunsa kuti dzenje la chimbudzi latalikirana bwanji ndi chitsime cha aneba. A zamoto anafunsa kuti moto utabuka kukhitchini tingatulukire pati. Ndinati pazenera. Anandiyang'ana pamimba n'kulangiza kuti tiwonjezere khomo lakuseri. Masiku amenewo ndinaphunzira mawu a Chitumbuka amene sindidzawaiwala, akuti mwize namachero, ndiko kuti mubwere mawa. Woyenera kudinda ukampeza, chidindo chili ndi wina. Chidindo ukachipeza, mwini wake wapita kumaliro. Unyolo wa njinga unaduka, nsapato inatha chidendene, koma zidindo zinakwana.

Chinatsala n'choti abwere kudzaona malo. Anabwera amayi ena, a Rachael, aafupi, olankhula pang'onopang'ono, atanyamula tepi yoyezera. Anati tiyambire pa mabikoni, timiyala ta simenti tija amakwirira m'makona a poloti posonyeza malire. Atatu tinawapeza. Pamalo pa bikoni yachinayi, ya kutsogolo, panali dzenje lokha. Tinafunafuna m'maudzu mpaka thukuta kamukamu. A Mapopa anayamba kukanda m'mutu. Kenaka anatitsogolera pansi pa mtengo pamene amaphikira masana, ndipo bikoni ija tinaipeza ili bii ndi mwaye, ikugwira ntchito ya fuwa. Iwo anati anaona mwala wosalala bwino ukungokhala, pamene poto wawo akupendekeka. Amayi Rachael anakhala pa njerwa n'kuseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anatiuza kuti kuzula bikoni ndi mlandu, ndipo woibwezera ndi woyeza malo yekha, osati ife.

Woyeza malo atabwera n'kuibwezera pamalo pake penipeni, mpamene zinaoneka kuti ine ndi a Mapopa tinakoka chingwe mopyola. Amayi Rachael atabweranso anayeza, anayang'ana pulani, anayezanso, n'kunena kuti nyumba ikukwana ikasunthidwa pang'ono, koma galaja yonse yakhala mumsewu. Ndinayang'ana uku ndi uku. Alongo, pamalopo pali udzu, chulu ndi kanjira ka mbuzi. Ndinafunsa kuti msewu wake uti. Anatambasula mapu aakulu a dera lonse n'kundilozera mizere iwiri yodutsa kutsogolo kwa poloti yanga.

Apa ndinalankhula ngati mphunzitsi. Ndinati n'zosamveka kuti munthu wamoyo, wa ana awiri, alepheretsedwe kumanga chifukwa cha msewu umene kulibe. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa modekha kuti galimoto yanga ndaiimika kuti. Ndinati ikubwera. Anati ndiye palibe chovuta, msewunso ukubwera, kungoti msewuwo uli kale ndi chidindo cha boma, pamene galimotoyo anangoijambula a Luke. Anawonjezera kuti ndikaumirira, tsiku limene galimoto idzafike idzasowa podzera, chifukwa mwini wake adzakhala atamanga pamsewu. A Mapopa anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Irene, amene anali pomwepo, kuseka kwake sanakubise n'komwe.

Ndinabwerera kunyumba nditatupa. Masiku angapo sindinafune kumva za pulani. Ndinkanena kuti popanda galaja sindimanga, aphunzitsi anzanga ndikawayang'ana bwanji. Koma zinthu sizinali zoseketsa ayi. Eni nyumba imene tikukhalayi anatiuza kale kuti ikafika Pasaka tituluke, mwana wawo akukwatira ndipo adzalowamo. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana masana alionse. Mvula ikakhazikika tisanathire maziko, ndiye kuti tidikira mpaka chaka chamawa, ndipo Pasaka idzatipeza ndi katundu pamutu.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, Irene anati tidzere kupoloti. Anaima kuseri, mbali yotulukira dzuwa, n'kunena kuti pamenepo pali malo okwanira chipinda. Ndinati galimoto singakhotere kumeneko. Anati sakunena za galimoto. Anandikumbutsa kuti titabwera kumudzi mwezi wa Ogasiti anaona Amayi akukwawa potsika pakhonde, miyendo itatupa, ndipo inu munamuuza kuti kupita nawo kuchipatala ndi ulendo wa tsiku lonse pangolo. Kuno chipatala tikuchionera pakhomo. Anati njerwa za galajazo timangire Amayi chipinda chokhala ndi khomo lakelake lotulukira panja, kuti m'mawa azikhala pamkeka akuwothera dzuwa, ana akuwasokosera.

Alongo, ine mwana wobadwa m'mimba mwawo ndinali kalikiliki kusamala galimoto ya papepala, mpongozi ndiye amene amaganiza za miyendo yawo. Ndinangotola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi kukula kwa chipindacho, kuti zioneke ngati nzeruyo tinali nayo tonse.

Mawa lake tinapita kwa a Luke. Anadina kabatani kamodzi, galimoto ija n'kuzimiririka. Ndisaname, mumtima munandipweteka ngati ndagulitsa yeniyeni. Pulani yatsopano inayendanso ulendo wa zidindo, koma ulendo uno anaiyendetsa ndi Irene, amene Chitumbuka chake n'chokoma kuposa changa, ndipo sanachedwe. Komiti ya mapulani itakhala inavomereza, moti masabata atatu apitawo amayi Rachael anandipatsa chilolezo m'manja. Ndinathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, ndi mtima wonse. Iwo anati akadzamva hutala kutsogolo kwa nyumba yanga adzabwera kudzandigwira chanza.

Panopa maziko atsopano takumba, amayi Rachael abwera kudzawaona, ndipo konkire tathira mvula isanagwe. Makoma ayamba kukwera. A Mapopa akadutsa pafupi ndi bikoni amailambalala ngati njoka. Njerwa za penti wofiira zija azimanga moyang'anitsa mkati kuti pulasitala adzazibise, koma dzina la pa Sitopu latikanirira. Ngalande za maziko akale Irene akuti adzabzalamo nthochi. Chitseko cha galaja chili kuseri kwa nyumba imene tikukhalayi, achigoneka pa njerwa, ndipo akuyanikapo mphale. Akuti chimatentha bwino, mphale ikuuma msanga.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti kwathu mayi amakalambira pakati pa ana ake aakazi, ndipo mwana wamwamuna sangangobwera n'kuwanyamula. Chonde mukhale pansi ndi amalume a Ezron, poti mbumba ndi yawo, muwafotokozere zonsezi. Akavomera, nonse awiri mukalankhule ndi Amayi kuti mukakolola abwere kuno. Sindikunena kuti asamuke mpaka kalekale. Abwere adzaonedwe miyendo, apume, akafuna kubwerera ndidzawaperekeza ndekha.

Ndikuwadziwa, ayamba ndi kukana. Anena za nkhuku zawo, za dimba, za amayi anzawo a kutchalitchi, ndiponso kuti sangakhale kudziko kumene sakumva chilankhulo. Muwauze kuti nkhuku abwere nazo, Pachalo azidzazisamala. Chilankhulo Claire adzawaphunzitsa, ndipo iwo sadzawabisira nkhope. Akapitiriza kukana, muwauze kuti chipindacho sichili ngati zipinda zina. Chaonedwa ndi a zaumoyo, a zamoto ndi ainjiniya, komiti yakhalira pansi, ndipo chili ndi zidindo zofiirira mbali zonse. Akachikana, sakukana ine, akukana boma. Koma za galaja musawauze. Akamva kuti akukagona m'malo mwa galimoto, nkhaniyo idzafika mudzi wonse ine ndisanafike.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikuwakumbukira m'mapemphero. Moni kwa amalume a Ezron ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa adzukulu anga onse, ndi kwa alamu anga a Kenan. Iwowo muwauze kuti akamamanga khola latsopano azithokoza Mulungu kuti ng'ombe zilipo kale ndipo palibe wodzayeza ndi tepi. Irene akuti moni wambiri, ndipo akuti mbali ina ya nkhaniyi, imene ine ndaisiya dala, adzakuuzani yekha mukadzabwera ndi Amayi.

Mundiyankhe msanga kuti ndidziwe ngati ndiyambe kufunafuna bedi lalifupi, loti asamavutike kukwera.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Chipiliro