Anachotsa Dzina la Bambo Anga pa Nkhani ya Chisi

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 23 wa ku Kachulu. Nditamaliza Fomu 4 ndinalowa kagulu ka anthu asanu ndi awiri kamene kamalemba nkhani m'Chichewa m'buku la pa intaneti lija lofotokoza chilichonse, limene aliyense angathe kulembamo kapena kukonzamo. Ine anandipatsa nkhani ya chilumba cha Chisi, poti ndimachiona tsiku ndi tsiku ndikamayanika matemba a mayi.

Ndinalemba za mapiri ake, za minda, za maboti. Kenako ndinalemba kuti chaka china nyanja ya Chilwa itaphwa, ine ndisanabadwe, anthu ankapita ku Chisi wapansi, ndipo amene anapeza njira yosatitimira m'matope anali malemu bambo anga, a Makisoni. Nkhaniyi ndinakula nayo. Poisimba bambo ankachita kuimirira, n'kumationetsa mmene ankabayira thope ndi nsungwi.

Kutacha ndinapeza dzina lawo palibe. Analichotsa ndi Medson, mnzathu wa m'gulumo, wa ku Songani. Pansi pake analembapo kuti, "Zoti nyanja inaphwa, mabuku akuvomereza. Koma za a Makisoni umboni wake uli kuti?" Ndinalibwezeretsa. Analichotsanso. Mpaka katatu.

Ndiye ndinamuyankha pa gulu lathu la WhatsApp, onse akuwerenga: "Iwe Medson, Chilwa umaidziwira m'mbale, matemba atapsa kale. Bwato unakwerapo iwe? Ukufuna bambo anga adzuke kumanda akubweretsere sitampa ya kwa DC?" Ena anaseka. Iye anangoti, "Pepa chemwali, si ndewu. Lamulo ndi lomweli kwa tonsefe." Ndinatuluka m'gulumo.

Loweruka lapitali Medson yemweyo anakwera minibasi kubwera kwathu, ati adzamve kwa mayi. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikupeta mpunga, makutu ali komweko. Mayi m'malo mondiikira kumbuyo anati, "Iii mwananga, njirayo si bambo a uyu anaipeza ayi. Anawaonetsa ndi a Bizweki a ku Chisi konko. Iwowa ankangotsatira pambuyo atasenza njinga. Koma kukamba kokha, eee, ankatha!" Mpaka kuseka.

Aphungu, lichero linandipulumuka m'manja. Chiyambire tsikulo mayi ndikungowayankha "eya" ndi "ayi". Medson watumiza uthenga kuti ndibwerere, akuti nkhani ya Chisi yaima chifukwa wakunyanja m'gulumo ndinali ndekha. Sindinamuyankhe. Bambo sanatisiyire bwato, sanatisiyire nyumba yamalata. Anatisiyira nkhani imeneyi. Ndiye ndibwerere kuti ndikaifufute ndi dzanja langa? Nanga mayi ndiwakhululukire bwanji, atachititsa manyazi amuna awo pamaso pa mlendo?

T.M.,
Kachulu, Zomba.

A T.M.,

Pakamwa muli napo, ndipo za sitampa ya kwa DC zija nane ndaseka. Koma apa wolakwa ndinu.

Medson sanatukwane malemu. Anafunsa funso limene inuyo mukanafunsa iye akanalemba za amalume ake. Mutamunyoza pagulu sanabwezere. Anakwera minibasi kudzafufuza ngati pali njira yoti bambo anu alowemo m'nkhaniyo. Munthu wodana nanu sakanadzivutitsa choncho.

Mayi anu musawaimbe mlandu. Bambo anuwo anakhala nawo zaka zambiri kuposa inu, ndipo kuseka kuja sikunali kunyoza. Akuwasowa amuna awo. Lero lomwe khalani nawo pansi, muwafunse za chaka chimenecho, mujambule mawu awo pafoni. Mumva zina za bambo anu zimene iwo eni sankazisimba.

Mukatero kwerani boti mupite ku Chisi mukafunefune a Bizweki, kapena ana awo ngati eni akewo anatisiya. Mmene zikukuwawirani inumu, dziwani kuti kutsidyako kuli banja limene inuyo munalilanda dzina mosadziwa. Komabe musathamangire kuwalemba m'bukumo, chifukwa lamulo la umboni lija likuwakhudza iwonso. Zimene mukamveko zilembeni padera, mukazipereke ku wailesi ya m'dera kapena ku nyuzipepala. M'nkhani ya Chisi muikemo zokhazo zimene mungathe kuonetsa komwe mwazitenga.

Ku gulu bwererani, ndipo Medson mukamupepesere pomwepo, osati kumbali. Pomunyoza paja anthu ankaona.

Bambo anu simukuwafufuta ayi. Anawolokadi nyanja youma atasenza njinga, ndipo anasiya mwana wodziwa kusimba nkhani ngati iwo. Koma chenjerani. Nkhaniyo adzaiwerenga ana a sukulu a ku Chisi, ena mwina adzukulu a a Bizweki omwewo. Akadzapezamo bodza limodzi lokhudza kwawo, sadzakhulupiriranso za mapiri ndi maboti zimene munalemba molondola. Ndipo akadzafunsa kuti analemba zimenezi ndani, adzayankhidwa kuti ndi mwana wa a Makisoni.