Ufa wa Chammwamba Munatumiza Uja

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino ku Zombako. Ine ndili bwino, koma alongo anu, bambo anga, agona masiku anayi m'chipatala ku Govan, kuno ku Ulaya. Mwendo unatupa zoopsa, magazi ataundana mumtsempha.

Lolemba ndinapita kunyumba kwawo ku Dennistoun kukawatengera zovala. Pofunafuna shuga ndinapeza chitini cha ufa wa chammwamba, pansi pake kakalata kanu: "Masupuni atatu m'phala, koma mwana asadziwe, ophunzirawa amatsutsa zilizonse."

Azakhali, mwanayo ndine. Chino ndi chaka chachiwiri ndikuzama pa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo odwala otere ndimakhala nawo tsiku lililonse. Mankhwala a wafarini amene bambo amamwa amachepa mphamvu munthu akachulutsa masamba obiriwira mwadzidzidzi. Miyezi iwiri anesi akhala akudabwa poyeza magazi, bambo ali duu, kusunga chinsinsi chanu. Nditawafunsa akuti, "Iwe, ndi ndiwo chabe zimenezi." Ndiwo!

Ndatopa nazo zomanditama pa gulu la banja la pa foni kuti muli ndi katswiri wa mankhwala ku Ulaya, kenako n'kumandizemba. Musadzatumizenso kanthu kudzera kwa amayi a kumpingo anabweretsa ufawu aja. Ngati mukufunadi kuthandiza, aimbireni bambo lero, muwauze nokha kuti asiye, pakuti amamvera inu kuposa ine.

Ufawo ndataya, koma kakalata kanu ndasunga. Ambuye akusungeni monga asungira alongo anu ulendo uno.

Ndine mwana uja simumafuna adziwe,
Tamanda