Tenti Yoyera Idakali Yotseka

Amayi, kumene muliko mukukhala bwanji masiku ano?

Ife kuno tilipo, kungoti kutopa. Dzuwa la Okutobala lafika ndi ukali wake, ndipo mukudziwa kuti ino ndi nyengo ya maukwati. Loweruka lililonse katundu wathu wobwereketsa amatuluka yense, Lolemba n'kubwerera ali fumbi lokhalokha, mipando ina itathyoka miyendo. Mkazi wa mlongo wanga Yamikani anachira mu Julayi, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu, ndipo akayamba kulira nyumba yonse imamumvera. Kumudzi ku Mitundu chimanga sichinachite bwino, koma mtedza azakhali akolola ndithu. Lole ija ikuyendabe, ngakhale masiku ena imaswera pamzere wa dizilo.

Chimene simungachizindikire mutabwera ndi pashopu. Yamikani anaika pulogalamu mu kompyuta, moti makasitomala amasungitsa okha matenti ndi mipando pa foni ali kwawo. Tenti ikakhala ilipo imaoneka yobiriwira, ikatengedwa imafiira. Ikang'ambika kapena ikamachapidwa timaitseka, ndiye kasitomala saiona n'komwe. Koma makinawo salola kungotseka. Amafuna ulembe chifukwa chake, ndi tsiku loti idzatseguke.

Chandilembetsa kalatayi ndi a Nkhoma, aneba athu aja a ku Area 3, amuna awo a anaPhiri amene ankakusambitsani mukudwala. Mu Ogasiti anawagoneka kuchipatala. Nditapita kukawaona ndinawapeza atatha, manja ngati timitengo, mawu osamveka. Pobwerera ndinangokumbukira momwe inu munkabisira tenti imodzi kuseri kwa shopu, wina akaifuna n'kumuuza kuti yapita. Ndikafunsa munkati, "Aukwati amabwera ndi deti, amaliro amangofika."

Ndiye ndinakhala pa kompyuta n'kutseka tenti yoyera ija, yaikulu, pamodzi ndi mipando yake. Pa chifukwa ndinalemba kuti ikukonzedwa. Ndikanalemba chiyani, amayi? Koma chovuta chinali tsiku. Zinali ngati ndikuwaikira a Nkhoma tsiku lawo. Ndinaika sabata imodzi. Sabata itatha tenti inatseguka yokha, ine n'kuitsekanso. Lolemba lililonse yakhala ntchito yanga imeneyo, ndipo ndikamaliza mutu umandipweteka mpaka madzulo. Inu munalibe makina okufunsani tsiku.

Yamikani anazitulukira kutabwera mayi wina wa ku Area 43, kasitomala wathu wakale, amene amatibweretseranso anzawo. Ankafuna tenti yoyerayo pa chinkhoswe cha mwana wawo. Ataona kuti pa foni sikuoneka anabwera okha pa galimoto, n'kuipeza ili chipindire pakona, yoyera bwinobwino. Anachoka atakwiya, ndipo sindikhulupirira kuti adzapondanso pano.

Iwo atangotuluka Yamikani anandifunsa, "Achemwali, tenti iyi yang'ambika pati?"

"Sinang'ambike," ndinatero, n'kumufotokozera.

Iye anati, "Munthu ali moyo, inu mwamukhomera kale tenti? Mvula ikagwa maukwati atha. Anyamata onyamula katunduwa adzadya chiyani?"

Sankanama. Tinakhala masiku angapo tikungolankhulana za ntchito basi, ngati anthu ongokumana mu minibasi.

Sabata yatha a Nkhoma anatuluka m'chipatala. Ndinawaona atakhala pakhonde atafunda bulangeti, dzuwa lonselo, ana awo akuseka kuti bambo abwera. Yamikani anati, "Mwaona? Tsegulani tenti ija." Ndinavomera kuti Lolemba likubwerali ndingoisiya itseguke. Mumtima ndinali ndi manyazi, komanso ndinapumako.

Sindinadziwe kuti nkhaniyi inali itayenda kale. Mlamu wanga, mkazi wa Yamikani, anaitchula kwa amayi ena akutchalitchi, ndipo mukudziwa mmene nkhani zimathamangira kumeneko. Lachinayi masana ndinangoona anaPhiri akulowa pashopu, akuchokera mumsika, jumbo ya masamba ili m'manja. Akalamba, amayi, miyezi iwiri yokhayi. Anakhala pa mpando umodzi wa pulasitiki, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndamva kuti mwatisungira tenti," anatero.

Ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kupepesa, kuti sindinawafunire zoipa a Nkhoma, kuti ndinangochita mantha. Iwo anandigwira paphewa.

"Usapepese, mwanangu. Adokotala sanawatulutse chifukwa choti achira ayi. Ati palibenso chimene angachite, akapumulire kunyumba. Ana sindinawauze." Anayang'ana tenti pakona paja. "Usaitsegule kaye."

Anapempha madzi akumwa, anamwa, n'kunyamula jumbo yawo. Ndinafuna kuwaperekeza koma anakana, ati ndisasiye ntchito.

Nditabwerera pa kompyuta ndinapeza Yamikani ataima pamenepo. Nthawi yonseyi anali kuseri kwa milu ya mipando, ndipo anamva zonse. Sanandiyang'ane. Anatsegula yekha tsamba la tenti yoyera. Pa tsiku lotsegula sanaike sabata ngati ine. Anapitirira Novembala, anapitirira Disembala, mpaka pomwe pulogalamuyo inakana kupita patsogolo.

"Makinawa asamatifunse Lolemba lililonse," anatero, n'kutuluka kukathandiza anyamata kupakira.

Ndi mmene zilili kuno, amayi. Tenti ili pakona, a Nkhoma ali pakhonde pawo, ndipo m'mawa uliwonse ndikamadutsa amakweza dzanja kundipatsa moni. Ine ndimawayankha, kenako ndimayenda msanga. Ndatopa, sindikubisirani. Pali masiku amene ndimalakalaka mutangolowa pakhomo n'kundiuza kuti ndipite kunyumba ndikagone, zotsalazo muziona nokha.

Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamene munagona, ndipo ndidzabwera ndi Yamikani. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati