Kageti ka Oyenda Pansi pa Njanji ya Kudoko

Dennistoun, Glasgow
26 Novembala

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Bondo lija layamba kukulolani kupalasa njinga? Ine kuno ndili bwino, kungoti kwazizira ndipo kukumada folo koloko isanakwane. Kalatayi ndawapatsira mayi Matilda omwe akubwera kumeneko ku ukwati wa mphwawo.

Ndiyambe ndi funso, musandikwiyire. Kodi anakhazikitsa ndani zoti wamng'ono asamayankhule pamaso pa akulu mpaka atamutchula dzina? Munandilera choncho, kusukulu zinali choncho, kutchalitchi kuno n'chimodzimodzi. Ulemu umenewu wandivomeretsa chinthu chomwe mumtima sindinavomere.

Monga ndinakuuzirani, kampani yathu ikukonza msewu wolowera kudoko la makontena, pamene msewu umadutsana ndi njanji. Mutaona mungagwire pakamwa. Sitima imodzi imakoka makontena osatha, malole n'kundanda mpaka kuseri kwa mashopu. Tikukulitsa msewu, tikuika zotchinga zatsopano ndi magetsi. Ngalande za madzi a mvula ndajambula ndine, mwana wa mlonda wa geti la njanji pa Luchenza!

Koma pulani ikuti kageti ka oyenda pansi katsekedwe, anthu azikadutsira pa mlatho wa masitepe womwe uli kutali ngati kuchoka kwathu kukafika kuchigayo. Atandituma kukawerenga malole masiku atatu, ndinawerenganso anthu, ngakhale palibe anandiuza. Tsiku limodzi lokha anadutsa 212. Mayi ena dzina lawo a Olivia, ophika m'kantini ya padoko, anandifunsa ngati amene anaganiza za mlathowo anayamba wanyamulapo ngolo ya mwana pamasitepe mvula ikugwa. Anati iwo kumlathoko sadzapondako, azidzangowerama pansi pa chotchinga cha malole monga achitira anyamata, ndipo sitima ikadzawagunda tidzawajambule nawo pa pulani yathuyo. Iwo anaseka, ine sindinaseke.

Lachinayi pa miting'i, bwana wathu a Charles anafunsa ngati alipo wotsutsa pulaniyo. Mapepala a chiwerengero changa chija anali pamiyendo. Ndinadikira kuti anditchule, maso pansi, manja pamodzi, monga mwana woleredwa bwino. Iwo anangoyang'ana wotchi n'kutseka laputopu. Pomwe timaweruka, maminitsi, zolemba za miting'iyo, anali atabwera kale: onse agwirizana, dzina langa lili pomwepo. Eilidh, mnzanga wokhala desiki yoyandikana, anandiseka kuti ndimadikira kalata yondiitanira ku miting'i yomwe ndakhalamo kale. Akuti kuno ukakhala chete ndiye kuti wavomera.

Lamulungu ndinawafotokozera a Goodwill, mkulu wa mpingo uja munandisiya m'manja mwake. Anandiuza kuti ndiugwire mtima. Anandikumbutsa kuti kontirakiti yanga ikutha mu Epulo ndipo viza yanga yatsamira pa kampaniyi. Akuti ndiyambe ndakhazikika kaye zaka zisanu, kenako ndidzayankhule. Zaka zisanu, Ababa! Simenti akuthira mu Febuluwale.

Lolemba ndinakagogoda kwa a Charles. Anawerenga masamba anga awiri ali chiimire, n'kundifunsa chifukwa chake sindinanene Lachinayi. Nditawauza kuti kwathu timadikira kutchulidwa, anati sanandilembe ntchito kuti ndizikongoletsa mpando. Koma sanandinyengerere. Pulani inapita kale kukhonsolo. Kuibweza kuchedwetsa ntchito masabata asanu ndi limodzi, ndipo pakufunika fomu yosayinidwa ndi injiniya amene wapeza vutolo. Anandiuza mosabisa kuti akuluakulu akaona kuti ndawatayitsa nthawi, mu Epulo adzakumbukira dzina lomwe lili pafomupo. Anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndiganize.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Inu munakhala pageti zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo muofesi yathu yonse mulibe amene akudziwa zomwe mukudziwa inu. Munthu amapirira mphindi zingati asanawerame pansi pa chotchinga? Amayamba ndani, ana asukulu kapena amayi osenza mitolo? Nanga mumatani kuti akumvereni? Muwauze achimwene a Useni akujambuleni mawu pafoni, anditumizire sabata ino. Musafupikitse, muyankhule monga mumachitira pakhonde. Nkhaniyi ikafika kukhonsolo ndikufuna ndikamasulire mawu anuwo ndekha, ndipo akafunsa kuti katswiri ameneyu ndi ndani, ndikawauza kuti ndi bambo anga.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi analuka ija ndikuivala pansi pa jekete ya kuntchito. Moni kwa achimwene ndi alamu, azakhali aku Thunga, amalume a Lucius, ndi ana onse.

Za fomu ija, sindinadikire Lachisanu. Lachiwiri m'mawa ndinasayina mayina anga onse atatu, mooneka bwino, n'kukaisiya ndekha patebulo pa a Charles.

Ine mwana wanu amene akukusowani,
Tisunge