Amuna Anga Agawa Bandeji Ngati Feteleza wa Makuponi

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Amuna anga, a Levison, anadzitema mwendo ndi chikwanje podula mitengo ya chigafa cha fodya. Kuchipatala anatsuka balalo n'kumatapo kapepala kopyapyala konga pulasitiki. Namwino anati m'kapepalamo muli tizidutswa ta siliva tosaoneka ndi maso, topha tizilombo, ndipo kasachotsedwe mpaka tsiku lobwererako.

Vuto n'lakuti iwowa ndi wapampando wa komiti ya makuponi. Kwathu kuno thumba limodzi la feteleza timagawana mabanja angapo, poyezera mbale. Atangofika pakhomo anati, "Chaulere cha boma munthu sadya yekha. Anthu andiona bwanji?" Anamatula kapepala kaja n'kukaduladula ndi lumo, n'kugawira anzathu a m'mudzi.

A Kalekeni gawo lawo anamata ng'ombe yapangolo pomwe goli linaisupula. A Mphepo anamatira chubu cha njinga, ndipo akuti sichikuphwanso. Mayi Dorika alibe bala, koma anadandaula kuti pa makuponi a chaka chatha anawadumpha, ndiye anapatsidwa kawo. Anakamata pamphumi, amapita nako kutchalitchi. A wapampando kanawatsalira konga chikhadabo, kwinako anaphimba ndi tsamba la fodya.

Pano mwendo watupa, ukununkha, thupi likutentha. Kuchipatala akukana. Akuti, "Ndikapita andipatsa kena, ndipo a mudzi wakumtunda ayamba kale kundidandaulira kuti sanalandire." Ine ndikuopa kuti adzawadula mwendowu. Nditani?

E. N., Chulu

Mayi E. N.,

Amuna anu ndi a mtima wabwino, koma apa nzeru anaziiwala kuchigafa. Kapepala kotere kamathandiza kakaphimba bala lonse, kasanagwiridwegwiridwe ndi manja. Kamene kali pa ng'ombe ndi pa njinga kaiwaleni. Mayi Dorika asiyeni atchene.

Chotsani tsamba la fodyalo, tsukani balalo ndi madzi owiritsa atazizira, muphimbe ndi nsalu yoyera. Kenako kuchipatala lero lomwe, osadikira tsiku la msika. Bala lonunkha ndi thupi lotentha si zokambirana mu komiti. A Kalekeni akubwerekeni ngolo, poti ng'ombe yawo inalandira nawo chithandizo.

Namwino mukamuuze zonse osabisa. Akakalipa, koma kukalipa sikupha munthu. Bandeji yatsopano mukayang'anire ndinu, ndipo lumo mulibise. Akumtunda akabwera, auzeni kuti amene ali ndi bala apite nalo yekha kuchipatala.

Bamboyo akapitiriza makani, itanani abale awo amunyamule. Musazengereze poopa kuti akukwiyirani, chifukwa atakwiya lero mawa adzakuyankhulani. Muwauze kuti ine ndati fodya ukamudula kunsonga amaphukira m'mbali, koma mwendo madokotala akaudula suphukanso.

Aphungu