Wisiteriya Wanu Wagwira ku Madzimoyo

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Madzimoyo tilipo. Chilala chija chinapita, chimanga chachikasu tinasiya kudya, ndipo chaka chino nkhokwe yadzaza, mtedzanso wachita bwino. Mu Juni ndinabereka mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu chenicheni.

Koma chomwe ndakulemberani ndi wisiteriya wanu uja, amene munamuyangitsa pakhonde ku Nabvutika. Atate anakwatiranso. Mayiwo si oipa ayi, akuwasamala ndithu. Kungoti wisiteriyayo analemera mpaka kuthyola nsanamira, kenako munapezeka njoka pafupi ndi zenera. Mvula itangoyamba, atate anatumiza uthenga kuti amudula, ngati ndikufunapo kanthu ndifulumire.

Ndinakwera lole, khanda lili kumsana. Nditaima pansi pa wisiteriyayo ndinakuonani, Amayi, mukusesa maluwa apepo aja m'mawa uku mukung'ung'udza, chonsecho simunkalola munthu kuthyolapo ngakhale limodzi.

Ndinachita monga munandiphunzitsira. Ndinasankha tinthambi tanthete, ndinadula m'munsi mwa mfundo, n'kuyoyola masamba apansi. Ndinatikulunga m'chitenje chonyowa. Kunyumba ndinatizika m'zitini za mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa, n'kuvundikira ndi timatumba ta shuga pamthunzi wa mango.

Tambiri tinafa. Tina tinaola poti ndinkathirira mopitirira chifukwa cha mantha. Paja munkati, "Mbewu simera chifukwa choiyang'anitsitsa." Tina inadya mbuzi ya aneba. Pamene ndinamva kuti ku Nabvutika chitsa anachizula n'kuchitentha, kuno kunali kutatsala chitini chimodzi chokha, muli kamtengo kopanda tsamba. Bambo a mwana ankafuna chitinicho kuti aziikamo misomali. Ndinawakaniza mwaukali womwe sindinauonetsepo chilowereni m'banja. Anangondiyang'ana, kenako anapita kukadula minga n'kutchinga pamalopo kuti mbuzi isafikenso.

Lamlungu lapitali, pochokera ku Misa, ndinasuzumira. Timasamba tatsopano, tofewa ngati khutu la khanda! Ndinakoka kamtengoko pang'ono, kanakana kuzuka. Kagwira mizu. Ndinatembenuka msangamsanga kuti ndikuitaneni mudzaone, dzina lanu litafika kale pakamwa. Pabwalo panali nkhuku zokha. Ndinakhala pansi pomwepo, diresi ya kutchalitchi ili m'thupi, n'kulira kuposa mmene ndinalirira tsiku loika maliro anu.

Ndikudziwa kuti wisiteriya wotere amatenga zaka asanachite maluwa. Inunso munadikira mpaka ine nditayamba sukulu. Ndidikira. Ndamukumbira kale dzenje, ndipo nsanamira zake ndikufuna zikhale za mtengo wolimba.

Akadzakhwima, nthambi yoyamba yomwe ndidzadule ndi yanu. Ndidzabwera nayo ndekha, ndidzaibzale kumutu kwanu, kuti dzuwa la Okutobala lisamakuotcheni.

Gonani bwino, Amayi. Ndakusowani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati