Chitenje Chatsopano Sichipita ku Ukwati

Amayi Ketilina Sakala

Amayi, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Nyumba ya ku Tamanda ndi yomwe ija, koma yatikulira. Atate amakhalabe pakhonde kuyang'ana njira ya kutchalitchi, wailesi ili pamwendo osaitsegula.

Inu chitenje munkachimanga mukuyenda, uku mukukalipira nkhuku, osayang'ana pagalasi, ndipo sichinkamasuka mpaka dzuwa kulowa. Lamulo lanu linali limodzi: chitenje chatsopano sichipita ku ukwati. Chiyambe chachapidwa, chipite kuchigayo, chikhale pansi pamaliro, chizolowere thupi la mwini wake. Ife ana anu a m'tauni tinkati ndi zachikale.

Mukukumbukira ukwati wa Harrison, mwana wanu woyamba? Ine ndi mng'ono wanga Rozi tinagula zitenje zofanana ku Chipata dzulo lake, n'kuzivala zili gwa, mizere yopindira ikuoneka, changa chikadali ndi kapepala ka kusitolo kumbuyo. Akuchikazi anafunsa ngati tinali ovina ochita kubwereka. Munaseka mpaka misozi, kenako munatikokera kuseri kwa nkhokwe n'kutimanga bwinobwino ngati tiana. Tsiku limenelo sindinaphunzire kanthu. Ndinkati inu mulipo.

Mwezi wamawa Nomsa, mzime wanu, akukwatiwa, ndipo pampando wa mayi ndikhalapo ine. Ndili ndi mantha, Amayi, kuti apongozi ake adzangoona mlendo wovala zobwereka, mwanayo n'kuoneka ngati alibe kwawo. Zovala zanu zinagawidwa kwa abale maliro atatha, ndiye ndinagula chitenje changa. Ndachichapa katatu. Ndapita nacho kuchigayo, ndakhala nacho pansi pamaliro awiri. Sabata yatha ndinakwera nacho minibasi ya ku Mwami, ndinazungulira msika wonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wondicheukira. Ndinabwerera kunyumba ndikusangalala ngati mwana, koma nditafika pakhomo ndinaima. Ndikanauza ndani? Munthu amene akanamvetsa kuti kusacheukiridwa ndi nkhani yabwino ndi inu nokha. Ndinakhala pansi ndi chitenje changa chomwecho n'kulira.

Ine mwana wanu Vailet, pamodzi ndi Atate, Harrison, Rozi, Nomsa ndi zidzukulu zanu, sitidzakuiwalani mpaka tidzakupezeni.